Mwana Wanga Wolemba Mafilimu ndi Mowa Umene Tinathira M'sinki

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, amayi ndi abambo, inu amene mwachokera ku Wakefield ndi ku Newcastle, komanso ife a konkuno ku Rotherham. Amene simundidziwa, ine ndine Nabanda, koma ambiri amangoti amake Alinafe. Mawu angawa ndachita kulemba, chifukwa ndikayamba kulankhula ndilibe mabuleki, ndipo ndikudziwa kuti ena muli ndi shifiti madzulo ano. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye pena pakakhota mundikhululukire.

Nkhaniyi ndi ya mwana wanga wamkazi, Alinafe. Mwiniwake wandiloleza. Anati, "Mum, nenani zonse, koma musandikongoletse." Ndiye sindimukongoletsa.

Alinafe ndinabwera naye kuno ali wamng'ono, bambo ake atamwalira. Ine ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zina shifiti ziwiri zotsatizana, ndiye mwanayu analeredwa ndi TV. Chimene ankachita n'chakuti ankazimitsa mawu, anthu aja n'kumangoyasamula pakamwa, iye n'kumawaikira mawu akeake. Ndikalowa m'nyumba ndinkamva ngati muli anthu asanu, pomwe ali yekha, wakhala pansi ndi mbale ya chimanga chokazinga. Ndinkamukalipira kuti, "Iwe, uzichita masamu." Masamuwo ankachita, koma mtima wake unali kwina.

Anaphunzira ku yunivesite ku Newcastle, kenako anapeza mwayi wopita ku America kukaphunzira zolemba mafilimu. Kumeneko anakhazikika, anakwatiwa ndi mnyamata wa komweko, mpaka anatenga pasipoti ya dzikolo. Anayamba ndi kugulira akuluakulu khofi ndi kuwanyamulira mapepala. Patapita zaka anamulowetsa m'chipinda cha olemba. Akuti amakhala anthu angapo mozungulira tebulo, tsiku lonse, kukangana za anthu oti kulibe. Wina ati mkaziyu amusiye mwamuna wake, wina ati ayi, adikire kaye apongozi amwalire. Ndinamufunsa pa foni, "Ndiye amakulipirani chifukwa chopeka mabodza?"

Anaseka, n'kuti, "Inde Mum, ndipo amalipira bwino."

Alinafe Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi, ndiye mawu ake amene muwamve pano ndachita kuwabweza m'chathu.

Zaka zingapo analemba nawo sewero lina la pa TV la nkhani za m'chipatala, limene anthu ambiri ankalitsatira. Kenako anakwera, anakhala wokonza mafilimu. Nditamufunsa kuti ndiye kuti chiyani, anandifotokozera m'njira yoti ndimve. Anati, "Mum, mukudziwa wapampando wa komiti ya ukwati? Amene amafuna ndalama, kupeza holo, kuitana ophika, ndi kuyanjanitsa akuchimuna ndi akuchikazi akayambana? Zikayenda bwino anthu amayamikira mkwatibwi, mpunga ukaperewera amatukwana iyeyo. Ndine ameneyo."

Ambiri a inu mukukumbukira momwe ndinkaimirira pano kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wanga wa ku America. Kuthokozako kunali koona. Koma zimene ankalembazo sindinkaonera. Chingerezi cha ku America chimathamanga, komanso ndinamva kuti muli kupsopsonana ndi magazi. Ndinkangothamangitsa mpaka kumapeto, pamene mayina amakwera m'mwamba paja, n'kuimitsa pa dzina lake, kulijambula ndi foni, kutumizira abale ku Malawi. Kwa ine ntchito yake inali dzina lija basi.

Kugwa kwake sindikhalitsapo. Pa ntchito imeneyi zambiri zimapanganidwa tambula ili m'manja. Ukafuna ndalama za filimu, vinyo. Mwamaliza kujambula, vinyo. Akukanira, vinyo. Iye anali ndi filimu yakeyake imene anailemba kwa zaka zambiri, ndipo anaikapo mtima wonse. Anasonkhanitsa anthu, anayamba kujambula, koma atafika pakati eni ndalama anabwerera m'mbuyo. Anthu amene anamukhulupirira anapita kwawo chimanjamanja. Filimu ya theka si filimu, simungaionetse, ili ngati nyumba yopanda denga. Vinyo wa madzulo anasanduka wa masana, kenako anasanduka mowa woyera uja wa ngati madzi, womwa m'mawa asanatsuke mkamwa. Mwamuna anatopa, anachoka. Ntchito ina anamuchotsa atagona pa msonkhano. Anamugwira akuyendetsa galimoto ataledzera, anagona m'chitokosi cha apolisi. Nyumba inapita. Kwa kanthawi ankagona m'galimoto ya mnzake. Zonsezi ine sindinkadziwa. Ndikamuimbira ankati, "Ndatanganidwa, Mum," ine n'kumati ndi madalitso.

Mnzake wina wachifundo ndi amene anandiimbira, n'kumugulira tikiti. Nditakamuchingamira ku Manchester ndinamudutsa osamuzindikira. Anali ataonda, nkhope yotupa, manja akunjenjemera. Nditamukumbatira ndinamva fungo, ndipo m'chikwama chake munkalira mabotolo.

Milungu yoyamba ndinamubisa. Kuno ku tchalitchi ndinkati wabwera kudzapuma. Mabotolo ndinkawapeza paliponse, m'nsapato za m'chisanu, kuseri kwa makina ochapira, ngakhale m'thumba la ufa. Mwana wamwamuna akamamwa anthu amati ndi unyamata. Wamkazi akamamwa amayang'ana amake. Ndinkapemphera ndekha, koma zinthu zinkangoipiraipira, mpaka ndinakauza Amayi Kamanga, amene amatsogolera gulu lathu la amayi la mapemphero. Ali pano, akhala kutsogoloku, ndipo iwonso andiloleza kuwatchula. Amayi amenewa anandigwira dzanja pamene ndinalibe aliyense m'dziko lino. Zimene tinapangana tinapangana chifukwa cha chikondi, zimenezo musaiwale pomva zotsatirazi.

Tinagwirizana kuti tichite monga tinazolowera kwathu. Titaye mowa wonse, titseke zitseko, tisale kudya, tipemphere mpaka unyolo uduke. Lachinayi m'mawa Amayi Kamanga anabwera, tinasonkhanitsa mabotolo onse, n'kuyamba kuthira m'sinki. Alinafe anatsika pa masitepe atamva phokoso. Sanakuwe, sanalimbane nafe. Anaima pakhomo la khitchini atagwira feremu, n'kunena mofatsa.

"Mum, musataye wonse. Ndikufuna kusiya, koma si choncho. Thupi langa lazolowera. Ndikasiya kamodzin'kamodzi ndikhoza kufa."

Ndinati, "Mowa ndi umene ukukupha, osati kusiya."

"Ndikunena zoona. Ndinalembapo nkhani imeneyi. Tinakhala ndi madokotala akutifotokozera. Ndiperekezeni kuchipatala kaye."

Pamenepo ndinayankha mawu amene ndimawakumbukirabe. Ndinati, "Zimenezo ndi za m'mafilimu, mwanawe. Muno tili ndi Yesu."

Amayi Kamanga anandisisita paphewa, n'kuti, "Musatekeseke, amake Alinafe. Si iye akulankhula, ndi botolo." Ndinathira lomaliza. Ndinatenga makiyi, khadi lake la ku banki ndi nsapato zake, n'kukazitsekera m'chipinda changa.

Tsiku limenelo ndi lotsatira lake anasanza, anatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, sanagone. Ife tinkaimba ndi kupemphera, amayi ena awiri akusinthana nafe. Pofika Loweruka masana anayamba kuona zinthu. Ankaloza khoma kuti pakuyenda nyerere zambirimbiri, n'kumadzikanda m'mikono. Ankalankhula ndi anthu a ku ntchito kwake, kuwauza kuti asunthe magetsi, dzuwa likupita. Ife tinayang'anana, mitima yathu inalimba. Tinati ndi chimenecho, chiwanda chayamba kudzionetsa. Kwathu ndinaonapo anthu akumasulidwa, ndipo zinkayamba motero. Tinamukhazika pakati pa balaza, tinamuzungulira, tinakweza mawu.

Kenako anauma thupi lonse ngati thabwa, n'kugwa chammbali. Miyendo ndi manja zinayamba kugwedezeka, maso anatembenuka, thovu linatuluka mkamwa.

"Chikutuluka," anatero Amayi Kamanga. "Musasiye, amayi, chatsala pang'ono."

Nthawi yomweyo panagogoda munthu. Mmodzi wa amayi aja anakatsegula. Anali Sisita Zulu, nesi wa ku Chipata ku Zambia amene timapemphera naye, akuchokera ku ntchito, yunifolomu idakali m'thupi. Anangomva kuti kwa amake Alinafe kuli mapemphero, sanadziwe kuti ndi a chiyani. Anaima pakhomo la balaza, anayang'ana mwana pansi, anayang'ana ife.

"Anamwa liti komaliza?"

Ndinati, "Lachitatu."

"Amamwa tsiku lililonse?"

"Kuyambira m'mawa."

Anataya chikwama pansi, anakankha tebulo, anagwada, n'kumugoneka bwino chammbali. Akuchita zimenezo anati, "Amake Alinafe, itanani ambulansi manje manje. Muzamupaya mwana."

Amayi Kamanga anati, "Sisita, ndi ulemu wonse, izi si za chipatala. Tikasiya pano chibwerera ndi anzake asanu ndi awiri. Amake Alinafe, mwasala kudya masiku onsewa kuti mugonje pakhomo penipeni?"

Onse awiri ankayang'ana ine, chifukwa nyumba inali yanga, mwana anali wanga. Foni inali pa mkono wa mpando, pafupi ndi Baibulo. Apa ndikufuna mundimvetse bwino, abale. Sindinali kusankha pakati pa Mulungu ndi dokotala, ngakhale nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi choncho. Mtima unkandiuza kuti ndikagwira foni ija ndiye kuti ndamuuza Mulungu kuti walephera, pamaso pa amayi anzanga.

Ndinagwada kuti ndipitirize kupemphera, n'kuika dzanja pamutu pake. Mutuwo unali wotentha ngati mbaula. Kugwedezeka kunali kutachepa, koma anali atadziluma lilime, magazi akutsikira patsaya, ndipo anali atadzikodzera. Milomo inali itayamba kuda. Ine ntchito yanga ndi ya okalamba, ndakhalapo pambali pa anthu ambiri akutsirizika, ndipo mtundu umenewo wa milomo ndimaudziwa. Sindinaone chiwanda pamenepo. Ndinaona mwana amene ndinamubereka, amene anandipempha mwaulemu kuti ndimuperekeze kuchipatala, ine n'kumubisira nsapato.

Ndinatenga foni. Ndinaimba, koma Sisita Zulu ndi amene analankhula ndi a ambulansi. Amayi Kamanga anapita kukatsegula chitseko cha kubwalo n'kuima pamsewu kuti a ambulansi asasochere.

Anagwanso kachiwiri ali m'ambulansi. Kuchipatala anakhala masiku angapo osadziwa kumene ali. Dokotala wina wamkazi anandikhazika pansi, sanandikalipire. Anati munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, thupi lake limatsamira pa mowawo, ndipo ukauchotsa mwadzidzidzi ubongo umasokonezeka, munthu akhoza kugwa ngati wa khunyu, ena amafa kumene. Anati pali mankhwala amene amamutsitsa nawo pang'onopang'ono. Ndinamva ngati akubwereza mawu a Alinafe a pakhomo la khitchini paja. Munthu ali pamwamba pa mtengo, ife tinamuuza kuti dumpha, Mulungu akuwakha, makwerero ali pomwepo.

Atatsitsimuka ndinkapita masana alionse kukakhala naye. Masiku oyamba sitinkalankhulana zambiri. Ndinkamudzoza mafuta m'mapazi, iye n'kumayang'ana pawindo. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Unandiuza. Sindinakumvere. Undikhululukire, mwana wanga."

Iye anati, "Munaonerapo chilichonse chimene ndinalemba?"

"Dzina lako ndimaliona."

"Dzina si chimene ndafunsa."

Ndinati, "Ayi."

Sanakwiye. Anatenga foni yake, anafufuza, n'kundipatsa kachingwe kamodzi ka m'khutu, kena n'kuika m'khutu mwake. Ndinakokera mpando pafupi ndi bedi. Inali gawo limodzi la sewero lija la m'chipatala. Pamene Chingerezi chathamanga ankaimitsa n'kundifotokozera.

Inali nkhani ya bambo wina woyendetsa basi, chidakwa chobisala, amene anaganiza zosiya mowa yekha, osauza munthu, kuti amayi ake amene ankabwera kudzamuona asadziwe. Ndinaona thukuta lija, kunjenjemera kuja, tizilombo ta pakhoma tija, kugwa kuja. Zonse zimene ndinaziona pabalaza panga zinali mmenemo, mwa ndondomeko yake. Ndiye panali amayi ake a bamboyo. Anali mayi wachikuda wa ku America, wonenepa kuposa ine, wovala chipewa. Koma atalowa m'chipinda cha chipatala, asanapereke n'komwe moni, anayamba kuyalula bedi n'kuyalanso, akudandaula kuti manesi sadziwa kupinda ngodya. Kenako anatulutsa mafuta m'chikwama n'kuyamba kudzoza mapazi a mwana wake. Ndinayang'ana manja anga, mafuta adakali m'zala.

Ndinati, "Amenewa ndi ndani?"

"Mukuwadziwa."

"Ine sindivala zipewa zoterozo."

Anaseka pang'ono, koyamba chibwerere. Tinapitiriza kuonera. Pamapeto bambo uja anamwalira, amayi ake ali panja pa chipinda akuuza mlendo pa benchi kuti mwana wawo sanawavutitsepo, ndi mwana wabwino, ntchito yake amaigwira bwino.

Nditachotsa kachingwe kaja ndinamufunsa kuti analemba liti zimenezi. Anati kalekale, filimu yake isanagwe, ukwati udakalipo.

"Nthawi imeneyo n'kuti utayamba kale?"

"N'kuti nditayamba kale. Pakamwa sindikanatha kukuuzani, Mum. Munkanyadira kwambiri. Ndiye ndinalemba, n'kukutumizirani uthenga kuti muonere Lachinayi. Munandiyankha ndi chithunzi cha dzina langa."

Ndinangoti, "Undionetse zonse. Kuyambira choyamba."

Iye anati, "Zina ndi zoipa. Zina tinalemba Lachisanu madzulo tikufuna kupita kunyumba."

"Zomwezonso."

Ndiye anati, "Inenso ndikhala muno mpaka atanditulutsa okha. Ndipo akandipatsa kopita ndikatuluka, ndipita." Palibe amene anamukakamiza. Anangonena choncho, n'kutembenuka kuti agone.

Tsopano ndinene zimene tinachita pobwerera, chifukwa mwina wina pano akuzifuna sabata ino.

Choyamba, madokotala anamutsitsa ndi mankhwala, ndipo atatuluka anamulumikiza ndi anthu othandiza osiya mowa. Thandizo limeneli lilipo m'matauni onse amene tikukhalawa, ndipo mukhoza kuyambira kwa dokotala wanu wa masiku onse. Sakufunsani kuti mumapemphera kuti, ndipo sakauza abusa.

Anayambanso kupita ku misonkhano ya anthu a vuto lomweli, ku Sheffield, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china cha azungu. Poyamba zinandiwawa kuti mwana wanga akukaulula kwa alendo zimene sanandiuze ine. Ndinkakwera naye basi, n'kumudikira m'kasitolo ka tiyi tsidya la msewu. Ndinkawaona akutuluka, akusuta fodya pakhomo, wina wojambula mikono yonse, wina gogo wa ndodo. Ndinkati, awa ndiye amuthandiza chiyani? Koma anthu amenewo amadziwa bodza la chidakwa lisanatuluke mkamwa, pomwe ine mayi ndimalikhulupirira chifukwa ndikufuna likhale loona.

Amayi Kamanga anabwera kunyumba ndi beseni la mandasi. Anagwada pamaso pa Alinafe, mayi wamkulu ngati amenewa, ndi bondo lawo lovuta lija. Alinafe anati, "Auntie, dzukani, mundichititsa manyazi. Komanso mukagwada simudzukanso, tiitananso ambulansi." Kuyambira pamenepo masiku amene ine ndili ku ntchito ankamuperekeza ndi iwowo pa galimoto yawo. Amapemphera m'galimotomo iye ali mkati mu msonkhano. Pemphero sitinasiye, abale, ndipo sindidzasiya. Tinangosiya kuliika pamalo pa mankhwala.

Anafuna ntchito yoti manja azigwira, mutu upume. Anaipeza ku Wakefield, m'nyumba yosungiramo katundu, kulongedza makatoni. Munthu amene ankalamula gulu lonse la ojambula ankadzuka m'mamawa kukakwera sitima ndi jekete lowala lija, kukalamulidwa ndi kamtsikana koti angakhale mng'ono wake. Sanadandaule. Anatinso kumeneko anthu amalankhula zokoma kuposa za m'chipinda cha olemba. Masiku opuma ankaimbira mmodzimmodzi anthu aja amene anawakhumudwitsa pa filimu ija. Ena anamudulira foni. Ena analira naye.

Anagwaponso kamodzi, ndisakunamizeni. Inali nthawi ya chisanu, atamva kuti mwamuna wake uja akukwatira. Ndinamupeza pa siteji ya basi pafupi ndi kwathu, atakhala, botolo lili m'thumba la jekete. Mtima unandiuza kuti zonse zapita m'madzi. Koma ulendo uno sindinathamangire ku sinki kapena kubisa nsapato. Ndinakhala pambali pake pa benchi yozizira ija, n'kumufunsa, "Tiimbire ndani?" Anatchula mayi wina wa ku misonkhano kuja. Tinamuimbira. M'mawa mwake anayambiranso.

Kulemba anayambiranso mochedwa, ndipo ine ndinkaopa, chifukwa mumtima ndinkati ntchito imeneyi ndi imene inamugwetsa. Ankalemba m'mawa pa tebulo la m'khitchini, atamata timapepala tachikasu pa chitseko cha firiji, kalikonse ndi kachigawo ka nkhani. Ndikafuna mkaka ndinkachita kupempha chilolezo. Atamaliza anati akufuna kumva mawuwo akutuluka pakamwa pa anthu, chifukwa ndi momwe amachitira kwawoko, amakhala pansi n'kugawana anthu a m'nkhani, aliyense kuwerenga mbali yake. Ochita masewero analibe, ndiye anaitana gulu lathu la amayi. Pabalaza pomwe paja. Sisita Zulu anawerenga mbali ya mwininyumba wankhanza, ndipo anaikwanitsa moti tinayamba kumukayikira. Amayi Kamanga anapatsidwa mbali ya mayi wogulitsa m'bala. Atafika pa mawu ena anavula magalasi.

"Awa sindinena. Ndine mtsogoleri wa mapemphero."

"Auntie, si inu mukunena, ndi Brenda."

"Ndiye Brendayo akufunika kumuika manja."

Ine sindinawerenge, Chingerezi changa chowerenga chimatsimphina. Ntchito yanga inali kumvetsera. Pena ndinati, "Apa mayiyu sanganene choncho kwa mpongozi wake, angayambe wamufunsa ngati wadya." Alinafe analemba pambali, ndipo anasinthadi.

Nkhani imeneyo anaitumiza ku America, ndipo patapita miyezi anamuitana. Si filimu yaikulu, ndi yaing'ono, ndipo pa za ndalama anamuikira munthu wina woti aziyendera limodzi. Atandiuza, mawu oyamba amene anafika pakamwa panga anali akuti usapite. Kuno ndimamuona, ndimamva fungo la mpweya wake akamandipatsa moni. Kumeneko tambula zija zidakalipo, sizinasamuke. Ndinapemphera sabata yathunthu kuti Mulungu atseke chitseko chimenecho. Sanatseke. Alinafe anati, "Mum, mowa ulinso pa kona pa msewu wathu uno. Sindingakhale m'khitchini mwanu mpaka kukalamba." Anapeza misonkhano ya kumeneko asananyamuke n'komwe. Ndinamuperekeza ku bwalo la ndege, ndinamupempherera pamaso pa anthu onse, iye akuti, "Mum, mwachidule."

Ndiye ndimalize ndi za Lachiwiri lapitali. Ndinali pa basi madzulo, ndikuchokera ku ntchito, miyendo ikuwawa. Foni inalira, ndi iyeyo. Kwawoko anali masana. Mawu ake anali otsika.

"Mum, tamaliza kujambula. Atsegula mabotolo, wina wandipatsa tambula m'manja. Ndaiika pansi, ndatuluka, ndili poimika magalimoto. Amene ndimamuimbira kuno sakuyankha. Ndilankhuleni."

"Ndipemphere?"

"Mupemphera pambuyo. Pano ingondiuzani chilichonse."

Ndiye ndinamuuza chilichonse. Ndinamuuza za gogo wina ku ntchito amene amabisa mabisiketi m'sokosi n'kumanamizira ife kuti taba. Ndinamuuza kuti asintha nambala ya basi ya ku msika popanda kutifunsa. Ndinamuuza kuti bondo la Amayi Kamanga alipanga opaleshoni mwezi wamawa, ndipo akuuza aliyense kuti dokotala wake ndi wamng'ono kwambiri, alibe n'ndevu zomwe. Ndinamuuza za mkangano wa makatani a m'tchalitchi muno, mbali zonse ziwiri, mopanda kukondera kwenikweni. Iye ankangoti, "Kenako?" Ine n'kumapitiriza. Siteji yanga ndinaiona ikudutsa pawindo, sindinadine belu. Anthu anatsika mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Basi itafika kumapeto kwa ulendo wake, dalaivala anazimitsa injini n'kundiyang'ana pagalasi. Ndinamukwezera dzanja kuti andipirire.

Kenako pa foni ndinamva Alinafe akupuma mozama, n'kuti, "Chadutsa, Mum. Ndikupita kunyumba. Tsopano pempherani."

Ndinapemphera pomwepo, m'basi yozima, kumalo koti sindinafikeko chiyambire. Dalaivala uja anadikira mpaka nditati ameni, kenako anandiuza kuti yobwerera inyamuka posachedwa, ndingokhala momwemo.

Za mawa sindikudziwa, ndipo sindikuimirira pano kuti ndinene kuti zatha. Ndikuti Lachiwiri mwana wanga anagona osamwa, ndipo lero m'mawa ndamva mawu ake. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene manja ake amanjenjemera m'mawa, musathamangire ku sinki. Mumufunse chimene akudziwa, mumumvere, mupite naye kwa dokotala, ndipo mupemphere njira yonse. Tikatuluka muno ine ndikhala kumbuyo kuja pa tebulo la tiyi, ndi Sisita Zulu. Simufunika kunena zambiri, mungobwera ngati mukufuna shuga.

Ambuye amene anandisungira mwana wanga, ngakhale pamene ine ndinkasokoneza, akusungireni anu. Ameni.